Uchi wa pa Kantemba: Zimene Wogula Amaona ndi Zimene Mlimi Ayenera Kuchita

M'phunziro la mwezi uno tiyamba tasiya ming'oma m'thengo, tipite kumene uchi wathu umakathera. Mlimi wa ming'oma isanu kapena khumi sangadzaze lole ya kampani, ndipo masitolo aakulu a m'tauni amafuna mapepala ndi uchi wosadukiza chaka chonse. Msika wake woyamba ndi kantemba ka m'komboni, ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena kwa George. Pamenepo botolo lake limaimikidwa pakati pa sopo, makandulo, mafuta ophikira ndi timapaketi ta pamela. Popeza tonsefe tinayamba kugula tisanayambe kugulitsa, tiyeni tiime kaye kutsogolo kwa kantemba ndi ndalama m'manja. Tikatero tidzabwerera ku ming'oma tikudziwa chimene wogula akufuna kwa ife.

Wogula ndi nkhawa yake

M'makomboni ambiri sagula uchi kuti azipaka pa buledi m'mawa uliwonse. Amaugula mwana akamatsokomola usiku, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kuti ausakanize ndi mandimu ndi jinja. Ndalama imene mayi akupereka pa botololo ndi yomwe akadagulira ndiwo kapena malasha a tsiku limenelo. N'chifukwa chake funso lake limakhala limodzi nthawi zonse: “Kodi ndi weniweni?” Mwini kantemba amayankha kuti inde, koma kawirikawiri nayenso sadziwa. Anaupikula kwa munthu ku msika wa Soweto, amenenso anaugula kwa wina wotsika basi pa Intercity. Uchi ukadutsa m'manja anayi kapena asanu, palibenso amene angatchule mudzi umene unachokera.

Kumene uchi wa m'Zambia umachokera

Uchi wambiri wa dziko lathu umachokera m'nkhalango za miombo. Chigawo cha Kumpoto Chakumadzulo, makamaka maboma a Mwinilunga ndi Kabompo, ndicho chotchuka kwambiri, ndipo kumeneko anthu akhala akupachika ming'oma ya makungwa m'mitengo kuyambira kalekale. Kampani ya Forest Fruits imagula uchi kwa alimi zikwizikwi a ku Mwinilunga, n'kutumiza wina kunja kwa dziko. Kum'mawa, bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, limagula uchi kwa alimi a m'chigwa cha Luangwa ndi madera ozungulira n'kuugulitsa pa dzina la It's Wild! Awa ali ndi malo oyezera, osefera ndi otsekera mabotolo. Uchi wa pa kantemba nthawi zambiri sudutsa m'malo otere, ndipo ngati ndi wa ku Mwinilunga, wayenda makilomita oposa 800 m'zigubu zimene wogula sanazione.

M'miombo uchi umafulidwa kawiri pachaka. Nyengo ina ndi ya kumayambiriro kwa mvula, cha mu Novembala mpaka Januwale, mitengo ya miombo itatha kuchita maluwa m'chilimwe. Ina ndi ya mu Meyi ndi Juni, mitondo itachita maluwa mvula ikutha. Wogula wodziwa zimenezi amafunsa mwezi umene uchi unafulidwa, ndipo wogulitsa amene amadziwadi katundu wake sachedwa kuyankha.

Mayeso a pamsewu

Tonse tinamvapo za njira zoyesera uchi: kuviika machisi mu uchi n'kuwakhwatcha, kudontheza uchi m'kapu ya madzi kuti tione ngati utsika osasungunuka, kapena kuudontheza papepala. Njira zimenezi zimangosonyeza ngati chinthucho chili ndi madzi ambiri kapena ochepa. Shuga wowiritsidwa mpaka kulimba amapambana mayeso onsewa, pamene uchi weniweni wofulidwa usanakhwime umalephera. Nyerere nazo sizisankha: zimakonda uchi monga zimakondera zigolo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Botolo lowala bwino likhoza kukhala la shuga wa ku Nakambala wopaka mtundu.

Pali zinthu ziwiri zimene ogula amazikayikira popanda chifukwa. Choyamba ndi kuundana. Uchi weniweni umaundana n'kuchita mibulu, makamaka kukazizira, ndipo wa maluwa a mpendadzuwa umatero msanga. Kuika botolo m'madzi ofunda, osati owira, kumaubwezera mwakale. Chachiwiri ndi mtundu. Mtundu wa uchi umatsata maluwa amene njuchi zinayendera, ndipo wa m'miombo nthawi zambiri umakhala woderapo. Kudera pakokha sikutanthauza kuti uchi unapserera.

Kuti titsimikize ngati mu uchi anathiramo shuga, pamafunika chipinda choyezera monga cha Zambia Bureau of Standards. Komabe maso, mphuno ndi lilime zikhoza kutichenjeza pa zinthu izi:

1. Thovu lambiri pamwamba, chitsekero chotupa, kapena fungo ngati la mowa: uchiwo ukusasa chifukwa uli ndi madzi ambiri.
2. Madzi opyapyala oyandama pamwamba pa uchi wolimba, onunkha mowawasa: wayamba kuwonongeka.
3. Fungo la utsi kapena kukoma kwa shuga wopserera: anaufula ndi moto wambiri, kapena anauphika mu mphika.
4. Mapiko ndi miyendo ya njuchi, phulusa kapena zinyalala: sunasefedwe bwino.
5. Fungo la mowa, mafuta kapena sopo pakamwa pa botolo: anauthira m'botolo lakale losatsukidwa bwino.
6. Botolo lokhala padzuwa tsiku lonse: kutentha kumaudetsa ndi kuuchotsera fungo ndi mphamvu yake.

Onani kuti pa zinthu zisanu ndi chimodzizi, zisanu zimachitika uchi usanafike pa kantemba. Ndi ntchito ya manja a mlimi kapena a wopikula. Apa mpamene phunziro lathu likutembenukira kwa ife eni.

Botolo labwino limayambira ku mng'oma

Timadzi ta m'maluwa timene njuchi zimatenga timakhala ndi madzi ochuluka kwambiri. Njuchi zimatiumitsa pokupiza mapiko mu mng'oma mpaka madzi atatsala pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse, kenaka zimamata timabowo ta chisa ndi phula. Kumata kumeneko ndiye chizindikiro chakuti uchi wakhwima. Muyezo wa mayiko onse wa Codex Alimentarius umati madzi a mu uchi asapitirire magawo 20 pa 100. Akapitirira, uchi umasasa. Amene ali ndi chipangizo choyezera madzi chotchedwa refractometer achigwiritse ntchito, ndipo kalabu ya alimi ikhoza kusonkha n'kugula chimodzi. Amene alibe afule zisa zokhazo zimene zamatidwa magawo atatu mwa anayi kapena kuposerapo. Chisa chimene chikudontha timadzi mukachigwedeza chibwezereni mu mng'oma. Tikudziwa kuti mu Januwale ndalama za sukulu ndi za feteleza zimapanikiza, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndowa imodzi ya uchi wosakhwima ikathiridwa mwa wina wabwino, imawononga wonse.

Pofula, tengani ndowa ziwiri zokhala ndi zivundikiro. M'ndowa yoyamba ikani zisa zoyera zomatidwa bwino. M'ndowa yachiwiri ikani zisa zakale zakuda ndi zokhala ndi mungu; uchi wake ndi wodya pakhomo kapena wogulitsa pamtengo wotsika. Zisa za ana a njuchi zisiyeni, pakuti ndiwo antchito a nyengo yotsatira, ndipo madzi awo amasasitsa uchi. Utsi ukhale wochepa ndi wozizira, wa zitsononkho kapena ndowe zouma za ng'ombe. Musafukize ndi mapulasitiki, mphira kapena nsanza zamafuta.

Kunyumba, phwanyani zisa, muziike pansalu yoyera yomangidwa pakamwa pa ndowa, uchi udonthe wokha m'chipinda chotseka. Musauphike. Mu mng'oma kutentha kumakhala pafupifupi madigiri 35, ndipo uchi ukatenthedwa kuposa pamenepo kwambiri umayamba kutaya ubwino wake. Ukasefedwa, usiyeni masiku awiri kapena atatu wovundikira kuti tiphula ndi thovu zikwere pamwamba, muziyengule. Kumbukirani kuti uchi umayamwa chinyezi cha mumpweya. M'nyengo ya mvula ndowa yosavundikira ikhoza kuwononga uchi umene unafulidwa utakhwima bwino.

Zosungiramo zikhale za pulasitiki yosungiramo chakudya kapena za galasi. Chigubu chimene munali mafuta a galimoto, penti kapena mankhwala opopera mbewu chisayandikire uchi, ngakhale chitatsukidwa kangati. Zitini ndi ndowa za malata nazo n'zosayenera, chifukwa uchi uli ndi asidi amene amadya chitsulo. Botolo lililonse litsukidwe ndi madzi aukhondo n'kuuma kotheratu. Anthu a ku Kanyama ndi makomboni ena sanaiwale kolera ya mu 2017 ndi 2018 ndiponso ya mu 2023 ndi 2024, ndipo amayang'anitsitsa ukhondo wa chilichonse cholowa m'kamwa.

Muyeso ndi mtengo

Uchi ndi wolemera kuposa madzi. Lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, kotero ndowa ya malita 20 imasenza makilogalamu pafupifupi 28. Uchi umenewo umadzaza mabotolo 26 a mamililita 750, kapena mabotolo 56 a magalamu 500. Mlimi amene sadziwa masamu amenewa amagulitsa ndowa yathunthu mongoyerekeza, phindu n'kupita kwa wopikula. Powerengera mtengo, phatikizani ndalama za mabotolo, zolembapo, ulendo ndi gawo la mwini kantemba. M'komboni anthu amagula pang'onopang'ono, monga achitira ndi ufa wa pamela, choncho timabotolo ta magalamu 250 kapena ocheperapo timayenda msanga kuposa botolo lalikulu.

Pabotolo pakhale kapepala kolembapo dzina la mlimi kapena la kalabu, mudzi ndi boma, mwezi wofulira, kulemera kwake ndi nambala ya foni. Lembaniponso kuti mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi, chifukwa mu uchi mukhoza kukhala tizilombo timene m'mimba mwa khanda simungalimbane nato. Musalembe kuti uchi umachiza matenda akutiakuti. Umafewetsa pakhosi ndi kuchepetsa chifuwa, koma wodwala apitebe kuchipatala, ndipo wa matenda a shuga adziwe kuti uchi nawonso ndi shuga. Malonda akamakula, funsani ku khonsolo ya mzinda ndi ku Zambia Bureau of Standards za ziphaso zofunika.

Pangano ndi mwini kantemba

Sankhani tuntemba tiwiri kapena titatu tokha, ndipo yambani ndi mabotolo ochepa. Ngati mwasiya uchi pangongole, nonse awiri mulembe m'kabuku chiwerengero cha mabotolo, mtengo ndi tsiku lolipira. Pemphani kuti mabotolo azikhala pamthunzi, ndipo msiyireni mwini kantemba kabotolo kolawitsa ndi timitengo toyera. Mufotokozereni za kuundana ndi za mtundu kuti akhale ndi yankho wogula akadandaula. Lonjezani kuti botolo likasasa mudzalisintha, ndipo likasasadi mulisinthe. Uchi wanu ukatha, nenani kuti watha mpaka nyengo ina. Musakagule wa munthu wosamudziwa n'kuumata dzina lanu.

Wogula wa ku Chawama alibe chipangizo choyezera uchi. Chimene angathe kuyesa ndi dzina lolembedwa pabotolo: akagula kawiri kapena katatu n'kupeza uchi wofanana, amadzafunsa yekha dzina lomwelo, n'kuuzanso anansi ake. Ndipo dziwani kuti mbaula za m'makomboni omwewo zimapsereza malasha a mitengo imene njuchi zathu zimadyako. Mlimi amene ali ndi msika wodalirika wa uchi amakhala ndi chifukwa chosiyira mtondo wake uli chiimire.

Ntchito ya mwezi uno

1. Pitani pa tuntemba titatu kapena pamsika wapafupi. Lembani kukula kwa botolo lililonse la uchi, mtengo wake, ndi yankho la wogulitsa mukamufunsa kumene unachokera.
2. Sandutsani mitengo imeneyo kukhala mtengo wa kilogalamu imodzi, muiyerekeze ndi mtengo umene wopikula amapereka kumudzi kwanu.
3. Pa zizindikiro zisanu ndi chimodzi zija, ndi ziti zimene zingapezeke mu uchi wanu wa nyengo yathayi? Mudzasintha chiyani pofula ulendo uno?
4. Kambiranani m'kalabu: kodi n'kwabwino kuti alimi asanu agulitse pa dzina limodzi? Nanga mmodzi akabweretsa uchi wosakhwima, mudzatani?

Ophunzira a chaka chino abweretse mayankho m'kalasi. Anzathu amene munamaliza kale, titumizireni zimene mwapeza kuti tidzagawane ndi ena m'kalata yotsatira.