Za chinkhoswe dikira kaye, foni ya mkazi wa mwini unaitani?

Azakhali,

Ndili ndi zaka 27. Digiri ya uinjiniya wa makompyuta ndinatengera ku Blantyre, pano ndikuchita masitazi ku Joni. Kafukufuku wanga ndi wosaka ming'alu m'mapologalamu a m'foni, akuba asanaipeze. Bambo a bwenzi langa akukana chinkhoswe, ati mwana wawo sangadye mapepala a sukulu. Chonsecho mwana wawo wamwamuna atandipempha ndinamutsegulira WhatsApp ya mkazi wake. Anthuwa sayamika. Nditani?

Wodandaula, Johannesburg

Mwananga,

Wati unatsegula chiyani? Nkhani yaikulu chonchi waiponya kumapeto kwa kalata, nkumayembekeza kuti ndikuombere m'manja?

Mayi amene unamufwefwenthera mauthengayo sanakupatse chilolezo. Kuno kumudzi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'kompyuta kapena m'foni ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Ukudziwanso kuti anzako a ntchito imeneyi akapeza mng'alu amayamba auza eni pologalamu kuti amate. Iwe luso lomwelo wagulira chikondi cha mlamu. Mlonda wotsegulira anthu zenera usiku ndani angamulembe ntchito?

Ntchito yakoyo sindikuinyoza ayi. Mu 2024 makina a mapasipoti atalowedwa ndi akuba, anthu anakhala masabata osatha kupeza pasipoti, maulendo nkufera m'mazira. Amayi ogulitsa tomato akuberedwa mpamba wonse ndi ka uthenga koti ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Dziko likukufuna, koma likufuna munthu woti tikamusungitsa chinsinsi tigone tulo.

Tsono bambo aja usawade. Akufunsa zomwe kholo lililonse limafunsa: mwana wanga akadya chiyani? Usawayankhe ndi Chingerezi cha m'kalasi, kumeneko ndi kunyada. Tuma amalume ako akanene chaka chomwe umalize ndi ndalama yomwe ukupeza pano, ngakhale ichepe. Ndipo ukuganiza kuti za foni zija sadzazimva? Mlamu wakoyo adzakuulula yekha tsiku lomwe mudzayambane. Bwenzi lako nalonso likadziwa, lizibisa foni pansi pa pilo ukwati wonse.

Inunso abale, lekani kusandutsa ana ophunzira makompyuta akazitape a m'mabanja mwanu. Banja likavuta kuli ankhoswe.

Iwe kapepese kwa mayi uja, bwenzi lako ulifotokozere wekha. Ukatero undilemberenso za chinkhoswe.

Azakhali