Azakhali: Mkamwini wapachigayo samva za fizi, koma pabawo amamva

Zikomo Azakhali,

Amuna anga amagwira ntchito pachigayo kuno ku Ndirande, ndipo akhalapo kuyambira tisanakwatirane. Masiku ano ndikawayankhula amangoti "Ati chiyani?" Nkhani ya fizi ndimaibwereza mpaka mawu kusasa, koma akakhala pabawo ndi anzawo amamva bwinobwino, kuseka mpaka misozi. Wailesi amaikweza moti aneba amamvera mpira kwaulere. Iwo amati ndi phula ladzaza m'khutu, ndiye madzulo aliwonse amatokosamo ndi kamtengo ka machesi, nane ndimawathandiza ndi timitengo tathonje. Dzana apongozi anabwera ndi madzi a masamba oti tidonthezemo. Kodi ndi phuladi, kapena angotopa nane?

Ine wodandaula,
Ndirande, Blantyre.

Mwanawe,

Ndiseke kaye, chifukwa kugontha m'khutu pa nkhani ya fizi ndi mliri wakale pakati pa abambo, ndipo jakisoni wake sanapezeke. Yamba wayesa izi: uli kukhitchini, unong'one kuti nsima yapsa, ndiwo ndi chambo. Akadzambatuka pamkeka, mlanduwo ndi wa ankhoswe, osati wa adokotala.

Koma mmene walongosoleramu, mkamwini wangayu sakunamizira. Ndipo iweyo ndi timitengo takoto mukumuwonjezera vuto.

Phula la m'khutu si uve ayi. Khutu limalipanga lokha kuti likole fumbi, gaga wouluka ndi tizilombo zisanafike mkati, komanso kuti khungu la m'menemo lisaume ndi kumayabwa. Silifuna wolitulutsa. Khungu la m'njira ya khutu limasendera kunja pang'onopang'ono litanyamula phulalo, ndipo nsagwada zikamatafuna kapena kuyankhula zimathandiza kulikankha. Iwe amene pakamwa sipapuma, lako limatuluka mwamsanga kuposa la wina aliyense m'Ndirande monse. Lafika pakhomo ndi lokhalo loyenera kupukuta, ndi kansalu konyowa pachala.

Njira ya khutu ndi yaifupi, masentimita awiri ndi theka basi, ndipo kumapeto kwake kuli mwinikhutu, kanembanemba kopyapyala kosachedwa kubowoka. Ukalowetsa kamtengo kathonje, kamatuluka ndi kachikasu pang'ono, iwe n'kumadzitama kuti ndiwe mkazi waukhondo, chonsecho phula lambiri walitsendera mkati monga mmene bamboyo amatsenderera ufa m'thumba. Mawa kutsenderanso, mkuja kutsenderanso, mpaka lauma gwa n'kutseka njira yonse. Tsiku lina mwana adzakugunda chigongono kamtengo kali mkati, ndipo udzandilembera kalata ina misozi ili chuchuchu. Machesi, nthenga ya nkhuku, chivindikiro cha bolopeni, kiyi wa pakhomo, zonsezi zichoke. Machesi ndi a pambaula.

Madzi a apongozi uwalandire ndi manja awiri, uthokoze utagwada, akangotembenuka ukathirire maluwa kuseri. Palibe aliyense pakhomo panupo amene waona mkati mwa khutulo. Ngati machesi aja anabowola kale mwinikhutu, chilichonse chothiramo chimadutsa pabowolo n'kukayambitsa mafinya mkati, ndipo khutu lotuluka mafinya ndi nkhani ya miyezi.

Tenga buku lawo la kuchipatala, uwagwire dzanja, muyambire pachipatala chaching'ono cha kwanuko. Achipatalawo akaona kuti nkhani yawakulira adzakutumizani ku Gulupu, ku Queen Elizabeth, kumene kuli chigawo cha makutu, mphuno ndi mmero komanso kiliniki yoyeza kamvedwe. Abale athu a ku Lilongwe ali ndi Kamuzu Central, ndiponso ABC Hearing Clinic ya ku African Bible College ku Area 47. Muli ndi mwayi ana inu. Panapita zaka dziko lonse lino likudalira dokotala mmodzi yekha wa opaleshoni ya makutu, Dr Wakisa Mulwafu, koma lero tili ndi achinyamata athu omwe anaphunzira ntchito yoyeza makutu konkuno.

Mkamwini asachite mantha, sakamudula khutu. Choyamba amaunika ndi katochi kokhala ndi galasi lokulitsa, aone ngati mulidi phula ndiponso ngati mwinikhutu ali bwino. Phula likakhala louma amapereka mankhwala odontheza, kawirikawiri mafuta a olivi kapena madzi a soda wa kuchipatala, oti muzithira masiku angapo kuti lifewe. Masiku amenewo khutu limatha kutsekeka kuposa kale chifukwa phula likufufuma, ndiye usathamangire kunena kuti mankhwala alephera. Mukabwerera amatsuka ndi madzi ofunda mofanana ndi thupi, madigiri 37, chifukwa ozizira kapena otentha amachititsa chizungulire munthu mpaka kusanza. Pena amayamwa ndi kapaipi ka makina, pena amakoka ndi kangowe akuyang'ana ndi nyali. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chimatuluka chibulumwa chakuda moti mwini wake amakana kuti si chake. Muwauze adokotala mosabisa za machesi aja, komanso ngati khutulo linatulukapo mafinya kapena kuchitidwa opaleshoni, chifukwa khutu lotero salitsuka ndi madzi.

Tsopano khala pansi, chifukwa mawu amene andigwira mtima m'kalata yako ndi akuti chigayo.

Phula likhoza kukhalamo ndithu, koma munthu wokhala pafupi ndi chigayo m'mawa mpaka madzulo kwa zaka zonsezi, makutu ake alawa zowawa. Akatswiri amati phokoso la madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu patsiku ndiwo malire, kupitirira apo khutu limayamba kuwonongeka. Iwe ulibe choyezera, koma muyeso wapafupi ulipo: ngati munthu waima poti ungamugwire paphewa koma mukuchita kukuwa kuti mumvane, phokosolo ladutsa malire. Pachigayo anthu amayankhulana ndi manja. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timaselo ting'onoting'ono tokhala ndi titsitsi, timene timalandira mawu n'kuwatumiza ku ubongo. Phokoso limapha timaselo timeneti pang'onopang'ono popanda ululu uliwonse, ndipo tikafa sitimeranso. Ukawafunse ngati m'makutu mumalira usiku kukakhala zii. Akavomera, chizindikiro ndi chimenecho.

Ndipo imva izi, mwina mtima ungatsike: kumva kukamawonongeka ndi phokoso kapena ukalamba, oyamba kutayika ndi mawu opyapyala, a amayi ndi ana. Mawu a besi a anzawo a pabawo amalowabe. Ndiye bamboyo akamati ukumeza mawu, sikuti akukunyoza. Akumva kuti ukuyankhula, koma sakugwira chimene ukunena. Za kutopa nawe sindingalumbire, poti amuna sindiwalumbirira, koma umboni umene wandipatsawu sungamumangitse pabwalo lililonse.

N'chifukwa chake phula likachoka musathamangire kokwerera minibasi. Pemphani awayeze kamvedwe. Amawalowetsa m'kachipinda kopanda phokoso, kuwaveka mahedifoni, n'kumawaimbira timalikhweru tosiyanasiyana, iwo n'kumadina batani kapena kukweza dzanja akamva. Apa palibe kubera mayeso, ndipo iwe sakulola kuwakodola. Zotsatira zimasonyeza khutu lililonse palokha, mawu amene limamva ndi amene lataya. Akapezeka kuti akufunika kachipangizo kothandiza kumva, avale. Sikabweza makutu a paunyamata, ndipo masabata oyamba kamatopetsa chifukwa ngakhale kulira kwa masupuni kumamveka mokweza, koma ubongo umazolowera. Kayenera kukhala koti akatswiri akakonza molingana ndi zotsatira zawo, osati kogula pamsika pamodzi ndi matochi. Akayamba zoti anzawo awaseka, uwafunse kuti chochititsa manyazi n'chiti: kachipangizo kuseri kwa khutu, kapena kuyankha "zikomo, nanunso" munthu akukuuza za maliro. Bungwe la WHO limati anthu oposa 430 miliyoni padziko lapansi ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndiye mkamwini asadzione ngati wosankhika.

Kuntchito azivala zotseka m'makutu zenizeni, zimene zimapezeka m'masitolo a zovala zodzitetezera pantchito. Thonje wamba silitchinga phokoso kwenikweni. Kumva kumene kwatsalako ndi koyenera kukusunga. Ngati anabayidwapo majakisoni kwa nthawi yaitali, monga streptomycin amene ankaperekedwa pa TB, kapena kulandira kwinini, anenenso, chifukwa mankhwala ena amafooketsa makutu.

Pali zina zosadikira malipiro a mwezi: khutu limodzi kusiya kumva mwadzidzidzi, ululu waukulu, magazi, mafinya, chizungulire. Zimenezo ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo poti pakhomo panu chimanga sichisowa, mwana akadzalowetsa njere m'khutu usadzathiremo madzi, imafufuma. Usatokose, nyamula mwana.

Iwenso uli ndi mbali yako. Leka kukuwa uli kubafa iwo ali pakhonde. Yandikira, zimitsa wailesi, uwatchule kaye kuti akuyang'ane, kenako uyankhule momveka, osathamanga. Kukuwa kumangosokoneza mawu, ndiponso kumauza aneba kuti fizi simunalipire.

Ukandilembere zikatha. Koma ndikutsine khutu: akakayamba kumva bwino, adzamvanso zonse zimene umang'ung'udza ukutsuka mbale, kuphatikizapo zija umanena za mayi awo.

Ndine,
Azakhali ako.