Atachimenti m'Chigwa cha Shire: Mafunso ndi Mayankho

Kodi atachimenti n'chiyani?

Ndi miyezi imene wophunzira, kapena amene wangomaliza kumene maphunziro, amakhala pakampani kuti manja ake azolowere zimene anaphunzira m'kalasi. Ena amati intenishipu. Si ntchito yokhazikika ayi, ndipo kandalama kake, ngati kalipo, n'kasopo chabe.

Nanga kuno kwathu malo ake angapezeke kuti?

Ambiri maso amangokhala pageti la Illovo ku Nchalo. Ayiwala kuti ntchito yambiri yam'minda ndi yam'misewu ili m'manja mwa makontilakitala: okonza mapampu, okoka mawaya a magetsi, okumba mijigo, onyamula nzimbe. Kulinso kampani ya PressCane, komanso alimi a nzimbe a Kasinthula ndi Phata. Ndiye pali ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, imene ntchito yake inayamba mu 2020 n'cholinga chothirira mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Madziwo adzafuna anthu odziwa kuyeza nthaka, kuwotcherera ndi kusamala zitseko za ngalande. Zingakhale zomvetsa chisoni ana a ku Ngabu ndi Bangula atamangoonerera, ntchitozo zikutengedwa ndi obwera.

Ndiyambire pati?

Tengani kalata kukoleji kwanu. Ngati muli pamaphunziro a TEVETA, funsani kumeneko. Ngati muli ndi digiri, funsani kuofesi ya zantchito paboma za ndondomeko ya boma yotumiza achinyamata kokaphunzira ntchito. Musadikire kuti nzimbe ziyambe kudulidwa cha mu Epulo. Lembani kalata yopempha malo kusanache.

Ntchito yake imakhala yotani?

Yadzuwa. Mu Okutobala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, moti sipanala yosiyidwa panja imawotcha dzanja. Mudzalowa m'matope kuchotsa zinyalala zotseka pampu, mudzagwirira makwerero mmisiri ali pamwamba. Musanyansidwe nazo, luso limalowera pomwepo. Koma mukaona kuti mwezi watha mukungotumidwa kogula mandasi, kambiranani mwaulemu ndi kapitawo wanu. Khalani ndi kabuku kolembamo zimene mwagwira tsiku lililonse, ndipo iye azisayinira.

Wina akuti ndimutumizire ndalama pa Mpamba kuti andipezere malo. Nditumize?

Ayi. Kampani yoona sigulitsa malo. Ameneyo ndi wakuba.

Nditavulala, zingathe bwanji?

Apa m'pamene kalata ya mgwirizano imafunika kwambiri. Musayambe ntchito ndi mawu apakamwa okha. Pepala linene tsiku loyamba ndi lomaliza, amene azikuyang'anirani, ndiponso amene adzalipire kuchipatala ngozi itachitika. Lamulo la chitetezo pantchito la 1997 limafuna kuti malo antchito akhale otetezeka, choncho kupempha jombo, magolovesi ndi chipewa cholimba si mwano.

Kodi pamapeto adzandilemba ntchito?

Palibe angakulonjezeni. Koma musachoke opanda kalata yaumboni yofotokoza makina amene mwagwiritsa ntchito. Ifunseni sabata yomaliza isanakwane, bwana asanasamukire kusayiti ina.