Ambulansi ikakupezani pa mphambano

Kuchoka ku Kasisi kupita ku chipatala cha Levy Mwanawasa si ulendo wautali. Mukatsika ndi msewu wa ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, n'kulowa mu Great East Road, n'kudutsa Chelstone, ndiye kuti mwayandikira. Koma m'mamawa, aliyense akamathamangira kuntchito mu Lusaka, kamtunda kameneka kamatalika. Mayi amene zamuvuta pobereka, kapena mwana amene wakomoka ndi malungo, nthawi yake imathera pa maraundabauti ndi pa maroboti. Pamsewu wowongoka ambulansi imadzipezera njira. Pa mphambano ndi pamene imasowa chochita, chifukwa imadalira nzeru za madalaivala ena amene sakumudziwa n'komwe wodwalayo.

Tiyambe ndi zimene dalaivala wa ambulansi amachita, kuti tidziwe momuthandizira. Wodziwa ntchito yake sadutsa pa roboti yofiira ali pa liwiro. Amachepetsa mpaka kutsala pang'ono kuima, amasintha kaliridwe ka sayirini kuti amene anali asanamve amve, kenaka amalowa pang'onopang'ono, akuyang'ana mzere uliwonse wa magalimoto paokha. Chimene amaopa kwambiri ndi ichi: lole yaima kumupatsa mpata, koma kuseri kwa loleyo kukubwera kagalimoto kamene dalaivala wake akuona roboti yobiriwira basi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndiye ikatulukira kuseri kwa lole, nthawi yoponda mabuleki imakhala itatha kale. Komanso kumbuyo kwa ambulansiyo kuli namwino amene wagwira diripu, mwina ataimirira. Buleki yadzidzidzi imamugwetsera pa wodwala.

Choncho chimene dalaivala ameneyu akupempha kwa inu n'chakuti azitha kudziwiratu chimene muchite. Mukamva sayirini, tsitsani wailesi, tsegulani zenera pang'ono, yang'anani m'magalasi onse. Mawu a sayirini amanamiza pakati pa nyumba ndi malole. Mungaganize kuti ikuchokera kumbuyo pamene ikuchokera kudzanja lamanja. Mukaiona, yatsani indiketa ya kumanzere, chepetsani liwiro mosagwedeza, patukirani kumanzere. Indiketayo ndiyo mawu anu kwa iye: ndakuona, ndikupita uku. Musaime chiriri pakati pa msewu. Ambiri amatero ndi mtima wabwino, koma galimoto yoima pakati imatseka njira kuposa yoyenda, ndipo minibasi ya kumbuyo kwanu ikhoza kukugundani.

Pa raundabauti ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri, ndiye ndichedwepo. Masiku onse timapatsa mpata wochokera kudzanja lamanja. Sayirini ikamveka, ngati simunalowe, khalani pomwepo ngakhale utakhala mpata wanu, ndipo sunthirani kumanzere ngati malo alipo. Ngati mwalowa kale, musaime mkati. Pitirizani, tulukani potulukira panu, kenaka patukani. Galimoto imodzi ikaima mkati mwa raundabauti, njira zonse zolowera ndi zotulukira zimamangika nthawi imodzi, ndipo ambulansi imatsekeredwa pamodzi ndi onse. Pa raundabauti yolowera ku bwalo la ndege pamakumana malole ochokera ku Chipata, mabasi a ku Chongwe ndi anthu othamangira ndege. Ndi malo amene kulakwitsa kotere kumawononga mphindi zambiri.

Pa roboti yofiira, ambulansi ili kumbuyo kwanu, musathamangire pakati pa mphambano chifukwa cha mantha. Amene akubwera chopingasa sakukuyembekezerani. Sunthani pang'ono, pendeketsani galimoto kumanzere, ndipo oyandikana nanu akachita chimodzimodzi kanjira kamatseguka. Izi zimatheka ngati munasiya mpata poima: ndi bwino kuima patali moti mukuona matayala akumbuyo a galimoto ya kutsogolo kwanu atagunda pansi. Pakakhala wapolisi wapamsewu, dzanja lake ndilo lamulo, kaya roboti ikuti chiyani. Ndipo roboti yanu ikayaka yobiriwira sayirini ikulirabe, dikirani.

Ikadutsa, musafulumire kubwerera mumsewu. Nthawi zina zimatsatana ziwiri, kapena pambuyo pake pali galimoto ya apolisi. Yang'anani pagalasi, yatsani indiketa, lowani. Pali khalidwe lina limene limandiwawa mtima: dalaivala kuthamanga pambuyo penipeni pa ambulansi kuti adutse nayo pa njira imene anthu atsegulira wodwala. Ambulansi ikaponda buleki, iye ndi amene amalowa kumbuyo kwake, kumene kwagona munthuyo. Mukakwera minibasi yochita zimenezi, lankhulani. Kunena kuti "A dalaivala, isiyeni ipite" si mwano, ndipo mawu a bambo kapena mayi wachikulire m'basi amamveka. Bungwe loona za pamsewu la RTSA lilinso ndi nambala yaulere ya 983 yodandaulirapo za oyendetsa mosasamala.

Ana athu ambiri amayenda pansi kapena panjinga. Aphunzitseni kuti sayirini ikalira asawoloke, ngakhale magalimoto onse aima. Kuima kwa magalimotoko n'kumene kumawanyenga. Mwana amaona ngati amuimira iyeyo. Wanjinga atsike, aime kunja kwa msewu, makamaka ngati wasenza matumba a makala kapena ndiwo zamasamba amene amatambasukira m'mbali. Wanjinga yamoto asalowe m'kanjira kamene katsegulidwa.

Tsopano za pakhomo. Nambala ya ambulansi mu Zambia ndi 992, ya apolisi 991, ya ozimitsa moto 993. Zilembeni pakhoma, ndipo onjezani nambala ya kiliniki yapafupi ndi ya mnansi amene ali ndi galimoto. Kumidzi ndi kumafamu ozungulira Kasisi nyumba zambiri zilibe manambala, choncho poimba foni tchulani chizindikiro chodziwika: tchalitchi cha mishoni, sukulu ya atsikana ya Kasisi, sukulu ya zaulimi ya KATC, kenaka fotokozani pokhotera. Tumizani wachinyamata akaime pa mphambano ya kanjira kolowera kwanu, usiku atenge tochi ndi chovala choyera. Khadi la kuchipatala, mankhwala amene wodwala akumwa, chitenje ndi bulangete zikhale m'chikwama ambulansi isanafike. Womuperekeza akhale mmodzi; ena atsatire pambuyo, mwa liwiro la masiku onse.

Nthawi zambiri wodwala timamunyamula pa galimoto ya m'bale kapena ya mnansi. Apa mverani bwino: mahazadi ndi hutala sizisandutsa galimoto yanu kukhala ambulansi. Palibe amene akuyembekezera kuti mudutsa pa roboti yofiira, ndipo mahazadi akamaphethira indiketa yanu sioneka, anthu sadziwa kumene mukukhotera. Chiwongolero agwire munthu amene mtima wake uli m'malo, osati bambo wa mwana wodwalayo ngati alipo wina wodziwa kuyendetsa. Wina akhale kumbuyo ndi wodwala. Ngati wakomoka koma akupuma, amugoneke chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Mukafika pa mphambano pamene pali wapolisi, tsitsani zenera mumuuze kuti mwanyamula wodwala, iye ndi amene angaimitse ena kuti mudutse.