Mapiritsi a Kuchipatala Akagwa M'manja mwa Achinyamata

Makolo ndi alezi anzanga a mumsasa muno, ife tikamva za mankhwala ozunguza bongo timangoganiza za chamba ndi kachasu. Ine ngati wothandiza pa zaumoyo ndimaopa kwambiri mankhwala ena atatu: Tramadol, Codeine ndi Diazepam. Mwana wowamwa sanunkha kanthu, ndipo iye mwini amati ndi abwino chifukwa amalemba ndi adokotala.

Tramadol ndi Codeine ndi mankhwala opha ululu a m'gulu limodzi ndi Morphine. Codeine amapezekanso m'madzi ena a chifuwa, ndipo akalowa m'thupi, chiwindi chimasandutsa gawo lake kukhala Morphine. Nchifukwa chake mu 2018 dziko la Nigeria linaletsa kupanga ndi kuitanitsa madzi a chifuwa okhala ndi Codeine, ataona mmene achinyamata ankawamwera ngati zoziziritsa kukhosi. Diazepam ndi wokhazika mtima pansi ndi kugonetsa.

Mwana amawafuniranji? Ambiri mwa ana athu anaona zoopsa pothawa kwawo. Ena sagona usiku, ena sukulu anaima ndipo tsiku limawatalikira. Piritsi limawaiwalitsa kwa maola ochepa. Koma thupi limazolowera msanga: limodzi likasiya kugwira, amamwa awiri, kenako anayi. Akasowa, chibaba chimamugwira, amatuluka thukuta, amanjenjemera, mafupa amaphwanya. Apa sakumweranso kusangalala ayi, akungothawa ululuwo.

Yambani ndi m'nyumba mwanu. Mapiritsi otsala a agogo odwala msana, kapena a amayi amene anachitidwa opaleshoni, musawasiye pawindo kapena m'kabati yosatseka. Awerengeni. Otsala abwezeni kuchipatala, ndipo musagawire mnansi ngakhale atadandaula bwanji.

Onaninso mwana: kuwodzera masana, kulankhula molobodoka, kudzikanda, kudzimbidwa, mwanadiso kuchepa ngati kadontho, ndi ndalama kapena ufa kusowa m'nyumba.

Mukapeza kuti akumwa, musamukwapule. Ndikudziwa kuti mtima umapsa, koma mwana wokwapulidwa amangophunzira kubisa. Musamusiyitsenso mwadzidzidzi, makamaka Diazepam, chifukwa akhoza kugwa ngati wa khunyu. Mupite naye kuchipatala cha mumsasa, azaumoyo ndiwo amadziwa kuchepetsa pang'onopang'ono. Funsaninso za aphungu othandiza pa za maganizo.

Choopsa kuposa zonse ndi kusakaniza mankhwalawa ndi mowa, popeza zonse zimafooketsa kupuma. Mwana akagona osadzuka mukamugwedeza, akupuma patalipatali kapena kuliza nkonono wachilendo, musanene kuti "musiyeni, adzuka mawa". Mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse. Musamumwetse mkaka kapena madzi amchere, musamusanzitse. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi pakati pa usiku, ndipo tengani botolo kapena pepala la mapiritsi amene wamwa kuti adokotala aone.