Disiki Yokhoma Ikayamba Kuvuta

M'nkhani ino ndifuna kufotokoza zimene tiyenera kuchita ngati kompyuta ya disiki yokhoma iyamba kuzima yokha, kapena mafayilo ake ayamba kuonongeka. Ambiri akaona zotere afulumira kunena kuti loko ndiye walakwa. Koma kawirikawiri mlandu uli pena, ndipo wopupuluma ataya ntchito ya chaka chonse tsiku limodzi.

Poyamba tidziwe m'mene loko ameneyu agwirira ntchito. Pa makompyuta a Linux njira yodziwika ndiyo LUKS, imene Clemens Fruhwirth anaikonza m'chaka cha 2004. Kumayambiriro kwa chigawo chokhoma cha disiki kuli kamalo kotchedwa header, ndipo m'menemo ndimo mubisidwa kiyi wamkulu. Mawu achinsinsi amene timalemba satsekula mafayilo ai. Iwo angotsekula kabokosi m'mene muli kiyi wamkuluyo, ndipo kiyiyo ndiye atsekula zonse. LUKS yoyamba iri ndi timabokosi totere 8, yachiwiri ifika 32. Tsono taonani: header ikafafanizika, mawu anu achinsinsi alibenso ntchito, ngakhale muwakumbukire bwino chotani.

Chinanso ndi ichi. Pa disiki yosakhoma, bit imodzi ikalakwika chisintha ndi chilembo chimodzi chokha. Koma AES-XTS, imene LUKS igwiritsa ntchito kawirikawiri, isanduliza ma byte 16 pamodzi, kotero bit imodzi yolakwika iononga onse 16. Loko sapanga bala, angolikulitsa. Paja walira mvula walira matope.

Nanga tichitenji? Ine ndikuikirani masitepe asanu, ndipo ndikupemphani kuti musalumphe ndi limodzi lomwe.

Choyamba, lekani kulemba kanthu pa disikiyo. Zimitsani kompyuta, ndi kuiyatsanso ndi Linux ya pa flash.

Chachiwiri, funsani disiki mwini wake. Lamulo la dmesg lionetsa madandaulo a makina, ndipo smartctl iwerenga kaundula wa disiki wosonyeza timalo timene talephera kuwerengeka. Onaninso chingwe, pakuti chingwe chogwedera chinamiza ngati disiki yakufa.

Chachitatu, koperani chigawo chonse pa disiki ina chikadali chokhoma, makamaka pa kompyuta ina yabwino. Pulogalamu ya ddrescue ndiyo yoyenera, chifukwa iyamba ndi malo abwino, nibwerera pambuyo pake ku malo ovuta. Kuyambira apa gwirani ntchito pa kopeyo basi.

Chachinai, yesani RAM ya kompyuta yodwalayo ndi Memtest86+, ndipo muileke iyende usiku wonse. RAM yolakwika iononga mafayilo asanafike n'komwe pa disiki, ndiponso izimitsa kompyuta popanda chenjezo. Mukagula disiki yatsopano RAM iri yomweyo, mwathira madzi m'dengu.

Chachisanu, tsekulani kopeyo ndi cryptsetup open, ndipo pamenepo yendetsani fsck pa chigawo chotsekukacho, chimene chioneka mu /dev/mapper. Pulogalamu imeneyi ndiyo ikonza kaundula wa mafayilo amene asokonezeka magetsi akazima mwadzidzidzi. Koma chenjerani, musaiyendetse pa chigawo chokhoma. Kwa iyo zokhomazo zioneka ngati zinyalala, ndipo mukaikakamiza ingathe kulemba pamwamba pa header.

Mwaona kuti pa masitepe onsewa loko timfikira pomalizira. Tiyamba ndi disiki, chingwe ndi RAM, chifukwa m'menemo ndimo mavuto ambiri achokera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Potsiriza, pali ntchito yoti muichite lero lomwe kompyuta ikadali yamoyo. Lamulo la cryptsetup luksHeaderBackup likopera header m'fayilo laling'ono. Sungani fayilolo pa flash, kutali ndi kompyuta, ndipo mulibise bwino, popeza munthu amene ali nalo pamodzi ndi mawu anu akale angathe kutsekula disiki ngakhale mutasintha mawuwo. Anzathu a Windows amene akhoma ndi BitLocker ali ndi kiyi wopulumutsira wa manambala 48. Amlembe pa pepala ndi kumuika m'sutikesi. Mafayilo amene simufuna kuwataya, monga manotsi a mayeso, akhalenso pa malo awiri. Header ikatayika popanda kope lake, palibe mphunzitsi kapena mmisiri amene angakubwezereni ntchito yanu.