Phunziro: Chakudya cha Kwathu ndi Utsi wa m'Mlengalenga

Chakudya chiri chonse chiri ndi ulendo wake, ndipo ulendo wa pa galimoto uli ndi utsi wake. Tiyeni tilingalire bwino za ichi.

1. Utsiwo ngwotani? Lita imodzi ya dizilo ikapsa, itulutsa makilogalamu oposa 2 ndi theka a mpweya wa kaboni. Mpweya umenewu suoneka ndi maso, koma uunjikana m'mlengalenga nusunga kutentha, monga bulangete lichitira ndi thupi. Dziko likatentha mvula isokonezeka: pena chilala, pena chigumula. Ife a ku Blantyre sitidzaiwala namondwe Freddy wa m'Malichi 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi muno. Akatswiri anena kuti kutentha kwa dziko kuonjezera mvula ya anamondwe otere.

2. Buledi ndi mbatata. Tirigu wambiri wopangira buledi wathu achokera kunja. Aoloka nyanja pa sitima kufika ku Nacala kapena ku Beira, ndipo kuchoka kumeneko ayenda pa njanji kapena pa malole. Koma mbatata ya ku Madziabango ichoka m'munda pa mutu kapena pa njinga. Womwera tiyi mbatata kapena chinangwa sanatenthetse dizilo, ndipo ndalama yake yatsala kwa mnansi wake.

3. Tsono mtunda wokha sukwanira, pakuti utsi wochuluka uchokera m'kalimidwe. Feteleza wa yureya apangidwa ndi gasi m'mafakitale a kunja. Koma mizu ya nandolo, mtedza ndi khobwe ilemeretsa nthaka popanda mtengo. Mubzale nandolo m'chimanga, muthire manyowa, ndipo musatenthe mapesi.

4. Ku moto nakonso muchenjere. Nandolo wouma ndi nyemba zitha nkhuni zambiri. Muziviike m'madzi usiku wonse, ndipo zidzapsa msanga, mitengo nkupulumuka.

M'chaka cha 2015 Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si', natikumbutsa kuti kusintha kwa nyengo kupweteka amphawi koposa onse. Zoona, maiko olemera ndiwo atulutsa utsi wambiri. Komabe nafenso tiri ndi gawo lathu. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Aphunzitsi, funsani anthu anu Lamulungu likudzali: mwa zimene munagula pa msika wa Lirangwe kapena wa Chileka sabata yatha, ndi ziti zimene zinalimidwa kwathu kuno?